Zimene Ofufuza Adapeza pa Ulimi wa Thonje

Thonje ndi mbewu yofuna khama. Mlimi amayamba kukonza munda dzuŵa likuswa mtengo m'mwezi wa Okutobala, koma ndalama amadzazigwira cha m'Meyi kapena m'Juni chaka chinacho. Pakati ponsepa amagula mbewu, amagula mankhwala, mwina amatenga ngongole. Banja lonse limakhala m'munda. Thonje likakanika, ngongole ija siikhululuka ayi. Imadikira pakhomo.

Mtengo wa kumsika mlimi sauika yekha. Mvula nayo saiitana yekha. Koma pali chinthu chimodzi chimene chili m'manja mwake: kuchuluka kwa thonje limene munda wake utulutse. Alimi ambiri m'dziko muno amakolola thonje losakwana makilogalamu 1,000 pa hekitala imodzi. Pa minda ya akatswiri ofufuza, mbewu zonga zomwezo zimapitirira makilogalamu 2,000. Hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala aŵiri ndi theka.

Nanga kusiyana konseku kumachokera kuti? Kodi akatswiriwo ali ndi mankhwala obisika? Iyayi. Iwo amagwira ntchito iliyonse pa nthaŵi yake. Nthaŵi yakeyo adaidziŵa poyesa, poŵerenga ndi polemba. Inu amene mwatsiriza sukulu ya kwacha tsopano mumatha kuŵerenga ndi kulemba. Choncho nzeru zimenezi ndi zanunso.

Thonje si lachilendo kuno

Makolo athu adali kulima thonje kalekale. Pamene David Livingstone adayenda m'chigwa cha Shire m'chaka cha 1859, adapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi kuomba nsalu zawo. Lero thonje limalimidwa kwambiri kumadera otentha monga Nsanje, Chikwawa, Balaka, Mangochi, Salima ndi Karonga.

Malo aakulu ofufuzira za thonje ndi Makoka, pafupi ndi Thondwe m'boma la Zomba. Malo ameneŵa adatsegulidwa m'chaka cha 1967. Palinso malo ena oyeserako mbewu, monga Chitala ku Salima ndi Kasinthula ku Chikwawa. Malo oyesera amakhala angapo chifukwa nthaka ndi mvula ya ku Zomba si yofanana ndi ya ku Chikwawa. Chimene chachita bwino kumtunda chiyenera kuyesedwanso kuchigwa.

Kodi kufufuza n'kutani?

Mau akuti kafukufuku asakuopseni. Kufufuza ndi kufananitsa zinthu ziŵiri kapena zingapo kuti tione chopambana.

Katswiri amagaŵa munda m'tindime tating'onoting'ono tofanana kukula kwake. Tinene kuti akufuna kudziŵa nthaŵi yabwino yobzala. Ndime yoyamba abzala ndi mvula yoyamba. Yachiŵiri abzala patapita masabata aŵiri. Yachitatu abzala patapita mwezi. Zina zonse amazichita mofanana: mbewu imodzimodzi, mipata imodzimodzi, kupalira tsiku limodzi. Amasintha chinthu chimodzi chokha basi. Akasintha zinthu ziŵiri nthaŵi imodzi, sangadziŵe chimene chachulukitsa thonje.

Chinanso, sayesa pa ndime imodzi yokha. Mukudziŵa kuti m'munda umodzi muli malo a chonde ndi malo oguga. Pali pachulu, pali pamchenga. Ndime imene yagwera pachulu ikhoza kumunamiza. Tsono amabwereza kuyesako pa malo anayi kapena asanu m'munda momwemo, mosakaniza. Pokolola amaika thonje la ndime iliyonse pa sikelo, nalemba m'buku. Chaka chamaŵa amayesanso, pakuti chaka chimodzi chikhoza kukhala cha chilala, china cha mvula yambiri.

Mlangizi akabwera kumudzi ndi kunena kuti, "Bzalani motere," mau akewo achokera ku ntchito yotereyi. Tiyeni tione zimene zidapezeka, chimodzichimodzi.

Mbewu yoyenera dera lanu

Kale thonje la mbali zino za Africa linkasautsidwa ndi tizilombo tating'ono tobiriŵira totchedwa majasidi. Timakhala kunsi kwa tsamba ndi kuyamwa madzi ake. Tsamba limapindika, limafiira m'mphepete, kenaka limauma. M'zaka za m'ma 1920, katswiri wina dzina lake Parnell, ku Barberton m'dziko la South Africa, adasankha thonje limene majasidi sankaligonjetsa. Zidadziŵika kuti chinsinsi chake ndi ubweya wa pamasamba. Tsamba la ubweya wambiri majasidi salikonda. Kuyambira pamenepo, osankha mbewu kuno amayang'ana ubweya umenewu. Gwirani tsamba la thonje lanu kunsi kwake, muumva.

Padalinso matenda amene amachititsa maŵanga pa masamba ndi kudetsa nthambi mpaka kuthyoka. Akatswiri a ku Uganda adatenga thonje lochokera ku Nigeria nasankhamo mitengo yopirira matendaŵa. Mbewu imeneyo adaitcha Albar, ndipo idafika kuno ku Malaŵi. Pambuyo pake ku Makoka kudatuluka mbewu zathuzathu monga Makoka 72, Makoka 78 ndi Makoka 2000. Mbewu za Makoka 78 ndi Makoka 2000 zidasankhidwira chigwa cha Shire. Madera ena adalandira mbewu monga Rasam 17 ndi IRM 81.

Osankha mbewu amayang'ananso utali ndi kulimba kwa ulusi, ndiponso kuchuluka kwa thonje lotsala njere zikachotsedwa. Pa makilogalamu 100 amene mumagulitsa, thonje lopanda njere limakhala pafupifupi makilogalamu 35 mpaka 40. Zotsalazo ndi njere, zimene amayenga mafuta ndi kupanga chakudya cha ziŵeto.

Phunziro lake nali: gulani mbewu yovomerezeka ya dera lanu. Ŵerengani dzina lolembedwa pa thumba. Mbewu yosadziŵika kumene yachokera imakhala yosakanizika, ndipo ikhoza kubweretsa matenda m'munda mwanu.

Kubzala msanga

Pa zonse zimene akatswiri adayesa, nkhani ya nthaŵi yobzala imatuluka chimodzimodzi pafupifupi kulikonse. Thonje lobzalidwa ndi mvula yoyamba yokwanira limapambana lobzalidwa mochedwa.

Chifukwa chake nachi. Thonje limakhala m'munda miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Limayamba kuchita maluŵa patapita pafupifupi masabata 8 chimerere. Duŵa limamasula loyera, maŵa lake limasanduka lofiirira, kenaka limagwa ndi kusiya kachipatso. Kachipatso kameneka kamafuna pafupifupi miyezi iŵiri kuti kakhwime ndi kuphulika. Nthaŵi yonse imene zipatso zikukula, mtengo umafuna chinyezi. Mukachedwa kubzala, mvula imatha zipatso zili zanthete. Zambiri zimayoyoka. Zotsalazo zimakhala zazing'ono ndi zopepuka pa sikelo.

Chachiŵiri, mbozi zimachuluka pamene nyengo ikupita. Thonje loyambirira limakhala litagwira kale zipatso zake mbozi zisanachulukitse. Lochedwa limakumana ndi gulu lonse.

Tikudziŵa kuti mvula ikagwa, manja amachepa. Chimanga chikufuna kubzala, thonje nalo likufuna kubzala, ndipo palibe angasiye chakudya cha ana. N'chifukwa chake mizere ya thonje iyenera kukhala yokonzeka mvula isanabwere. Mbewu ikhale ili m'nyumba. Tsiku lobzala likafika, ntchito ingokhala yoponya njere. Musakwirire mozama. Kuzama kwa mfundo imodzi ya chala n'kokwanira, chifukwa mmera wa thonje umavutika kuboola dothi lambiri. Akuluakulu adati mmera m'poyamba.

Mipata ndi kupatulira

Kodi m'munda muyenera kukhala mitengo ingati? Akatswiri adayesa kubzala mothinana ndi kubzala motalikirana. Mitengo ikatalikirana kwambiri, nthaka imangokhala, ndipo udzu ndiwo umakondwa. Ikathinana kwambiri, imalimbirana dzuŵa ndi madzi. Imatalika ngati nsungwi koma zipatso zochepa.

Malangizo amene alimi a kuno akhala akulandira kwa zaka zambiri pa mbewu zakale zija ndi aŵa: mizere italikirane masentimita 90, ndiye kuti mapazi atatu. Mapando atalikirane masentimita 60, ndiye kuti mapazi aŵiri. Pa phando lililonse patsale mitengo itatu. Mukatero, hekitala imodzi imakhala ndi mapando oposa 18,000 ndi mitengo yoposa 55,000. Mbewu za haibulidi zili ndi mipata yake yosiyana. Mufunse alangizi ndipo muŵerenge zolembedwa pa thumba. Dulani kamtengo ka muyeso kuti aliyense wobzala, ngakhale mwana, asaphonye.

Pamene mbewu sizidamere, pakizani msanga sabata yomweyo. Phando lopanda kanthu silibala.

Kupatulira kuchitike mmera uli ndi pafupifupi masabata atatu, nthaka ili yonyowa. Ambiri amachita chisoni kuzula mmera wokongola. Amati, "Ndiusiye, mwina ubala." Ayi ndithu. Ana asanu ndi atatu pa mbale ya ana atatu, onse amadzuka ndi njala. Siyani yamphamvu, zulani yofooka.

Kupalira

Thonje likamera limakula pang'onopang'ono. Masabata oyamba limatanganidwa ndi kuzika muzu wake waukulu pansi. Udzu suchedwa choncho. Umalipitirira, nulanda dzuŵa, madzi ndi chakudya cha m'nthaka.

Poyesa, akatswiri amasiya ndime zina osapalira kwa masabata aŵiri, zina anayi, zina asanu ndi limodzi, zina kufikira mapeto. Zotsatira zake zimasonyeza kuti nthaŵi yoopsa ndi masabata 6 mpaka 8 oyambirira. Thonje limene lapanikizidwa ndi udzu pa nthaŵi imeneyi silibwereranso mwakale, ngakhale mudzapalire bwino pambuyo pake. Likakula ndi kutseka mizere, mthunzi wake umagonjetsa udzu wokha.

Tsono musadikire kuti udzu ufike m'maondo. Palirani udakali waung'ono. Khasu limayenda msanga, ndipo msana suŵaŵa kwambiri. Apa pali nzeru ina: limani munda umene banja lanu lingathe kuusamala. Ekala imodzi yopalira pa nthaŵi yake ikhoza kupambana maekala aŵiri olimbana ndi thengo, pamene mbewu ndi mankhwala mwagula theka lokha.

Chakudya cha m'nthaka

Thonje limakonda nthaka yakuya, yosadikha madzi. M'nthaka yoguga limafuna manyowa kapena feteleza. Koma feteleza wokulitsa akachuluka, makamaka pa nthaka yachonde kale, mtengo umangochita masamba, zipatso n'kuchedwa kukhwima. Muyeso wake umasiyana malinga ndi dera, choncho funsani alangizi musanagule.

Musalime thonje pa malo amodzimodzi chaka ndi chaka. Sinthanitsani ndi chimanga, mapira kapena mtedza. Kasinthasintha wa mbewu amachepetsa matenda ndi tizilombo totsalira m'nthaka.

Adziŵeni adani anu

Palibe chimene chimaononga thonje kuposa mbozi zoboola zipatso. Ziŵiri ndizo zazikulu kuno.

Yoyamba ndi mbozi yofiira. Imakhala yobiriŵira pang'ono, ya timizere tofiira pamsana. Mazira ake ndi ang'onoang'ono, a mtundu wonga wa mtambo. Mbozi imeneyi imadalira thonje pa chakudya chake. Ikaloŵa m'chipatso imadya zam'kati zonse.

Yachiŵiri ndi mbozi imene mumaionanso ku nsonga ya chisononkho cha chimanga, m'matimati ndi m'nandolo. Mazira ake ndi oyera mwachikasu. Iyi ndi yoyendayenda. Imaboola duŵa ili, n'kupita pa chipatso icho, mutu m'kati thupi kunja. Mbozi imodzi imaononga zipatso zingapo.

Mbozi zonsezi zimachokera ku agulugufe ouluka usiku. Gulugufe amaikira dzira limodzilimodzi pa masamba anthete, pa nsonga ndi pa maluŵa osamasula. Pakapita masiku oŵerengeka dzira limaswa. Kambozi kakang'ono n'kosavuta kupha. Kakakula ndi kubisala m'chipatso, mankhwala sakafikanso.

Palinso tizilombo toyamwa: majasidi aja, nsabwe za m'masamba ndi kodikodi. Kenaka pali tizilombo tofiira ta maŵanga akuda timene timabwera zipatso zikamaphulika. Timaboola kufuna njere, ndipo timasiya thonje lothimbirira. Timaswananso pa mitengo ya malambe.

Koma si kachilombo kalikonse kali mdani. Akangaude, nyerere ndi tizikumbu tating'ono tozungulira ta madontho pamsana timadya mazira, nsabwe ndi mbozi zazing'ono. Ameneŵa ndi antchito anu osalipidwa. Mukapopera mankhwala popanda chifukwa, mumapha iwo omwe.

Kathabwa koŵerengera ka ku Makoka

M'zaka za m'ma 1960, akatswiri a kuno ndi a ku Gatooma, kumene lero ndi Kadoma m'dziko la Zimbabwe, adasonyeza kuti kupopera mankhwala kumachulukitsa thonje kwambiri. Koma adaonanso kuti mbozi sizibwera mofanana chaka chilichonse. Kupopera kongotsata masiku kumataya ndalama sabata zimene mulibe mbozi, ndipo mwina kumaphonya sabata imene zachuluka. Adapeza kuti njira yabwino ndi kuyendera munda ndi kuŵerenga mazira, kenaka n'kuona ngati kupopera kukufunika.

Vuto lidali lakuti alimi ambiri masiku amenewo sankatha kulemba manambala. Tsono kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ku Makoka adakonza kathabwa kokhala ndi mizere ya zibowo ndi tizikhomo. Mzere wina udali woŵerengera mitengo imene mlimi wayang'ana. Mizere ina idali ya mazira a mbozi. Akapeza dzira, amasuntha chikhomo chibowo chimodzi. Chikhomo chikafika pa chizindikiro, ndiye kuti nthaŵi yopopera yakwana. Nzeru imeneyi idatengedwanso ndi maiko ena a mu Africa.

Inu lero muli ndi pensulo ndi kope. Mukhoza kuchita zomwezo ndi kusunga chiŵerengero cha sabata iliyonse. Chitani motere.

Yambani kuyendera munda thonje likayamba kuonetsa maluŵa osamasula. Yenderani kamodzi pa sabata, m'maŵa. Yendani modutsa munda kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya ya kutsidya, kenaka mudutsenso mbali inayo. Yang'anani mitengo 24 yotalikirana. Musasankhe yokongola yokha kapena ya m'mphepete yokha. Pa mtengo uliwonse yang'anani nsonga, masamba kumwamba ndi kunsi, maluŵa ndi zipatso. Lembani mazira ndi mbozi zimene mwapeza, mtundu uliwonse pa mzere wake. Alangizi adzakuuzani chiŵerengero chimene chikakwana muyenera kupopera, ndi mankhwala oyenera kachilombo kameneko. Ntchito imeneyi imafuna kufatsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kupopera kosamala

Mankhwala a thonje ndi poizoni. Amapha mbozi, akhozanso kupha munthu. Ŵerengani zolembedwa pa botolo musanatsegule. Thirani muyeso wolembedwawo. Mukachepetsa kuti botolo likhalitse, mbozi sizifa, ndipo zotsalazo zimazoloŵera mankhwala. Mukachulukitsa, mwataya ndalama.

Valani zovala zofunda mikono ndi miyendo, nsapato, ndi chotchinga pamphuno ndi pakamwa. Poperani m'maŵa kapena madzulo, mphepo ili yochepa, ndipo mphepoyo izichotsa mankhwala kwa inu. Musadye, musamwe, musasute muli pa ntchito. Mukatha sambani ndi sopo, ndipo zovalazo muzichape pazokha. Ana ndi amayi oyembekezera asapopere. Botolo lotha musasungiremo mchere, mafuta kapena madzi akumwa. Musatsukire mpope pa chitsime kapena mumtsinje. Mankhwala a thonje musathire pa ndiwo zamasamba.

Kuzula mitengo mukatha kukolola

Lamulo limanena kuti mitengo ya thonje izulidwe ndi kuonongedwa mukatha kukolola, ndipo papite miyezi ingapo m'minda mulibe thonje. Ena amaona ngati boma likungovutitsa anthu. Koma lamuloli lidachokera ku kafukufuku.

Kumbukirani kuti mbozi yofiira imadalira thonje. Palinso ina yaing'ono yofiirira imene imabisala m'njere ndi m'zipatso zotsalira. Mitengo ikasiyidwa, imaphukira, ndipo mbozi zimapeza chakudya chilimwe chonse. Mvula ikagwa, zimakhala zili kale zambiri, zikudikira mmera watsopano. Mukazula, mumazidula chakudya.

Ntchito imeneyi ndi ya mudzi wonse. Gulugufe sadziŵa malire a munda. Munthu mmodzi akasiya zitsa zake, amaŵetera mbozi anzake onse. Kambiranani ndi a mfumu ndi a kalabu yanu kuti tsiku limene alangizi alengeza likamafika, minda yonse ikhale yoyera.

Thonje la Bt

Kafukufuku sadathere pa zakale. M'chaka cha 2013, ku koleji ya zaulimi ya Bunda ku Lilongwe adayamba kuyesa thonje la mtundu watsopano lotchedwa Bt. Adaliyesa poyamba m'munda wotchingidwa, kenaka m'madera osiyanasiyana. Alimi adayamba kulibzala m'chaka cha 2019.

Thonje limeneli akatswiri adaliika mphamvu yochokera ku kachilombo kosaoneka ndi maso kamene kamakhala m'nthaka. Mbozi yaing'ono ikadya tsamba kapena chipatso chake, imafa. Motero kupopera kolimbana ndi mbozi kumachepa.

Koma mumve bwino apa. Thonje la Bt silipha tizilombo toyamwa. Majasidi, nsabwe, kodikodi ndi tofiira todetsa thonje tija timalidya monga kale. Kuyendera munda sikutha ayi. Chachiŵiri, mbewu yake ndi ya haibulidi ndipo ndi yokwera mtengo. Imafunika kugula yatsopano chaka chilichonse. Wobzala mochedwa kapena wosapalira amataya zambiri kuposa kale, pakuti waloŵetsa ndalama zambiri. Chachitatu, mbozi zikhoza kuizoloŵera mphamvu ija. Ku India zidachitika: mbozi yofiirira ija idayamba kudya thonje la Bt osafa. N'chifukwa chake alimi amalangizidwa kubzalanso thonje lina losakhala la Bt pambali pake. M'menemo mumaswana mbozi zosazoloŵera, zimene zimakwatirana ndi zinzake ndi kuchedwetsa vutoli. Mukapatsidwa malangizo otere, atsateni.

Kutola ndi kusankha

Thonje likhoza kubala bwino koma n'kutayika pa mapeto. Yambani kutola zipatso zikaphulika zokwanira. Musadikire kuti munda wonse uyere, chifukwa loyambalo limagwa pansi ndi kuda. Tolani kangapo. Dikirani mame aume, pakuti thonje lonyowa limaola ndi kuthimbirira.

Tengani matumba aŵiri, lina la thonje loyera, lina la lothimbirira. Kusankhira m'munda kumachepetsa ntchito ya kunyumba. Chotsani zinyalala ndi masamba ouma. Peŵani matumba a pulasitiki onga a feteleza. Timaulusi take timasakanikirana ndi thonje, ndipo ku fakitale timaononga nsalu chifukwa sitigwira utoto. Matumba a nsalu ndiwo abwino. Musathire madzi, mchenga kapena miyala kuti thumba lilemere. Zikadziŵika, ogula amakayikira thonje la dera lonse.

Pa msika imani pafupi ndi sikelo. Ŵerengani nokha nambala imene yaonetsa, ndipo muone kuti yolembedwa pa chiphaso ndi yomweyo.

Yesani nokha chaka chino

Simusoŵa kupita ku Makoka kuti mukhale wofufuza. Sankhani mbali ya munda imene nthaka yake ndi yofanana. Pimani ndime zinayi zofanana, iliyonse ya mizere 5 yotalika mamita 10. Khomani zikhomo ndi kulemba manambala 1, 2, 3, 4. Sankhani chinthu chimodzi choyesa. Mwachitsanzo, ndime 1 ndi 3 mupatulire pa masabata atatu, ndime 2 ndi 4 mupatulire pa masabata asanu ndi limodzi. Zina zonse muchite mofanana.

M'kope mwanu lembani tsiku lobzala, tsiku lomera, masiku opalira, masiku opopera, dzina la mankhwala ndi ndalama zimene mwaononga. Pokolola, thonje la ndime iliyonse likhale m'thumba lake, ndipo mulipime palokha. Phatikizani makilogalamu a ndime 1 ndi 3. Phatikizaninso a ndime 2 ndi 4. Fananitsani. Mukachita zimenezi anthu asanu kapena khumi a m'kalasi imodzi, n'kubweretsa makope anu pamodzi, yankho lake lidzakhala lodalirika kuposa la munthu mmodzi. Aitaneni alangizi adzaone nawo.

Pa mapeto a chaka chotsani ndalama zonse zimene mudaloŵetsa pa ndalama zimene mwalandira. Chotsalacho ndilo phindu lanu lenileni. Nambala imeneyo ndiyo idzakuuzani ngati chaka chamaŵa muyenera kukulitsa munda, kuuchepetsa, kapena kusintha kalimidwe.

Mafunso okambirana

1. Chifukwa chiyani katswiri amasintha chinthu chimodzi chokha poyesa?

2. Tchulani zifukwa ziŵiri zimene thonje lobzalidwa mochedwa limabalira pang'ono.

3. Kodi ndi masabata angati oyambirira amene udzu umaononga thonje kwambiri?

4. Poyendera munda, mlimi ayang'ane mitengo ingati, ndipo ayende motani?

5. Ndi tizilombo titi timene thonje la Bt silipha?

6. Kodi m'mudzi mwanu mitengo ya thonje imazulidwa pa nthaŵi yake? Ngati ayi, mungagwirizane zotani?

Ntchito yolemba: Tengani tsamba loyamba la kope lanu. Lembani dzina lanu, kukula kwa munda wanu wa thonje, dzina la mbewu imene mubzale, ndi tsiku limene mukufuna kuti mizere ikhale itatha. Mubwere nalo kopelo pa tsiku la phunziro lotsatira.